Mutu 9: Kodi Chipembedzo Chimatsala pa Geti la Ndende?

Chiyambi

Mu mutu uno tikambirana zigamulo za makhoti pa nkhani ya ufulu wa chipembedzo, makamaka pamene wodandaula ndi mkaidi. Mukamaliza kuwerenga muyenera kutha kufotokoza mafunso amene woweruza amadzifunsa lamulo la ndende likawombana ndi chikhulupiriro cha munthu. Muyeneranso kutha kuyesa malamulo a pasukulu panu ndi mafunso omwewo. Mwina mukudabwa kuti nkhani ya ndende ikufuna chiyani m'buku la aphunzitsi. Lezani mtima, muona.

Patapita zaka zingapo mgodi wa kopa wa Mhangura utatsekedwa mu 2000, ine ndinkaphunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga m'komboni. Ambiri mwa ophunzira anga anali ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito mumgodi ndi m'mapulazi ozungulira. Tsiku lina mayi wina wachikulire, Msilamu wa Chiyao, anatsalira anzake atapita. Anamasula kansalu natulutsa kalata yochokera kwa mwana wawo amene anali m'ndende. Tinawerenga limodzi, iwo akuloza liwu lililonse ndi chala. Mnyamatayo sanalembe za kumenyedwa ayi. Analemba kuti mwezi wa Ramazani wayamba, chakudya chimabwera dzuwa likadali m'mwamba, ndipo akachisunga kuti adye dzuwa litalowa amamulanda.

Mayiwo anapinda kalata ija nandifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi munthu akalowa m'jele, Mulungu wake amatsala pa geti?” Ine ndinayankha kuti, “Amayi, ndende ndi ndende, palibe chimene tingachite.” Yankho limeneli linali lolakwika, ndipo pa nthawi imene ndinkalinena n'kuti makhoti a dziko lino atanena kale zosiyana nalo. Sindinkadziwa basi.

Kodi mkaidi amataya chiyani?

Tiyambe ndi mlandu wa mu 1991 umene sunali wa chipembedzo konse, koma ndiwo maziko a nkhani yathu yonse.

A Philip Conjwayo anali mmodzi mwa anthu amene anaweruzidwa kuti anyongedwe chifukwa cha bomba limene linaphulika ku Bulawayo mu Januwale 1988, pa nyumba imene ankagwiritsa ntchito anthu a chipani cha ANC cha ku South Africa. Munthu mmodzi anafa. Ali ku ndende ya Chikurubi kudikira chingwe, a Conjwayo anakadandaula ku Khoti la Suprimu kuti amatsekeredwa m'kachipinda kakang'ono pafupifupi usana ndi usiku wonse, popanda mpata wokwanira wowongola miyendo panja. Tangoganizani. Ndani m'dziko muno amene akanawamvera chisoni masiku amenewo? Koma khoti, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza, a Anthony Gubbay, linagwirizana nawo. Linati kusunga munthu chotero ndi nkhanza zimene Malamulo Oyendetsera Dziko amaletsa, ndipo linalamula kuti azipatsidwa nthawi yotuluka panja.

Chofunika kwambiri kwa ife ndi chifukwa chimene khoti linapereka. Linati maganizo akale akuti munthu akamangidwa ndiye kuti wataya ufulu wake wonse anatha ntchito. Mkaidi amatsala ndi ufulu wonse umene munthu wina aliyense ali nawo, kupatula umene lamulo lamulanda kapena umene sungayendere limodzi ndi kukhala m'ndende. Ufulu wopita kumene akufuna wapita, inde. Ufulu wosankha nthawi yogona ndi yodzuka wapitanso. Koma zotsalazo ndi zake.

Taonani mmene mfundo imeneyi imatembenuzira funso. Kale mkaidi ndiye ankafunsidwa kuti, “Wakupatsa ndani chilolezo?” Tsopano wofunsidwa ndi woyang'anira ndende: “Ndi lamulo liti limene likumuletsa, ndipo pa chifukwa chanji?” Katundu wachoka pamutu pa wofooka n'kupita pamutu pa wamphamvu.

Mu 1994 a Kevin Woods, amene anamangidwa pa mlandu womwewo wa bomba, anapita ndi anzawo ku khoti lomwelo kukatsutsa lamulo limene linkalola akaidi a gulu lawo kulemba ndi kulandira kalata imodzi yokha pa masabata anayi alionse. Khoti linati lamulo limeneli likuphwanya ufulu wolankhula ndi kulandira mauthenga. Ife amene ntchito yathu ndi yophunzitsa anthu kugwira cholembera, mlandu umenewu tiziutenga ngati wathu. Kalata ija ya m'kansalu inali ndi chitetezo cha lamulo, ine osadziwa.

Zimene Malamulo a 2013 amanena

Milandu iwiri ija inaweruzidwa pogwiritsa ntchito Malamulo Oyendetsera Dziko akale, a 1980. Malamulo a 2013 analemba zinthu zina poyera kuti pasakhalenso kukangana.

Gawo 60 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, kutanthauza ufulu wa maganizo, wa chipembedzo ndi wa chikhulupiriro, komanso ufulu wochita zimene amakhulupirira, payekha kapena pamodzi ndi ena. Gawo 50 likunena za anthu osungidwa ndi boma, ndipo limatchula ndithu kuti ngakhale mkaidi amene analamulidwa kale ali momwemo. Munthu wotere ali ndi ufulu wolankhulana ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale wake ndi mlangizi wa chipembedzo amene iye mwini wasankha, ndiponso woti anthu amenewa azimuyendera. Onetsetsani mawu akuti “amene iye mwini wasankha”. Si m'busa amene ndende yaitana ayi. Akhoza kukhala shehe, mlaliki wa Chipostoli, wansembe kapena mkulu wa Mboni za Yehova.

Pali chinanso chimene anthu a kuno ku Mhangura ayenera kuchimva bwino. Magawo awiriwa amanena za munthu, sanena za nzika. Ambiri a ife tikukumbukira chitupa cholembedwa kuti mwini wake ndi mlendo, ndi mmene lamulo la unzika la mu 2001 linasiyira ana a anthu a m'migodi ndi m'mapulazi m'malere. Gawo 43 la Malamulo a 2013 linabwezera unzika kwa ambiri obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Koma ngakhale munthu amene mapepala ake sanalongosoke mpaka lero, akamangidwa ali ndi ufulu wopemphera wofanana ndi wa wina aliyense.

Bungwe la United Nations nalo linavomereza mu 2015 malamulo a kasungidwe ka akaidi amene anapatsidwa dzina la Nelson Mandela. Lamulo 65 ndi 66 amati mkaidi asaletsedwe kuonana ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake, aloledwe kupezeka pa mapemphero ndi kusunga mabuku a chipembedzo chake. Amatinso mkaidi akakana kuyenderedwa ndi mtsogoleri wa chipembedzo, kukana kwakeko kulemekezedwe. Mbali yomalizayi timaiwala kawirikawiri. Mipingo imagwira ntchito yaikulu m'ndende, imabweretsa sopo, mabulangete ndi chakudya, ndipo ndimaiyamika. Koma ngati sopoyo amalandira okhawo amene akhala pansi kumva ulaliki, pamenepo ufulu wayamba kugulitsidwa. Ufulu wa chipembedzo ndi wopemphera, komanso ndi wosakakamizidwa kupemphera.

Ufulu umenewu uli ndi malire. Gawo 86 limalola kuuchepetsa, koma pokhapokha kudzera m'lamulo lokhudza anthu onse, ndipo kuchepetsako kukhale kwachilungamo, koyenera, kofunikiradi ndi kovomerezeka m'dziko la demokalase. Milandu yambiri ya chipembedzo imathera pa mawu amenewa.

Milandu ya tsitsi

Tsopano tibwere pa chipembedzo penipeni. Zigamulo ziwiri zotchuka za dziko lino pa nkhaniyi ndi za tsitsi, ndipo chachiwiricho ndi cha sukulu ya pulayimale.

Mnyamata wina dzina lake Enock Chikweche atamaliza maphunziro a zamalamulo anakaonekera pamaso pa woweruza wa Khoti Lalikulu kuti alembedwe m'kaundula wa maloya. Anali wa Chirasta, wa tsitsi lopota limene ambiri timalitcha madiredi. Woweruzayo atamuona anakana kumulumbiritsa, nati maonekedwe ake si a munthu woyenera ntchito ya uloya. Nkhaniyi inapita ku Khoti la Suprimu, ndipo mu 1995 khoti linagamula kuti mnyamatayo walandidwa ufulu wake. Linati kuyenera kwa loya kumaonekera pa kukhulupirika ndi khalidwe lake, osati pa zimene zili pamutu pake. Linavomerezanso kuti Chirasta ndi chikhulupiriro chotetezedwa ndi lamulo. Munthu ameneyu ndi yemwe anadzadziwika ndi dzina lakuti Munyaradzi Gwisai, amene anasankhidwa kukhala phungu wa Highfield mu 2000.

Apa pali phunziro limene limavuta anthu opemphera ngati ife. Khoti silifufuza ngati chikhulupiriro cha munthu ndi choona. Silifunsa ngati Haile Selassie analidi chimene a Chirasta amanena, monganso silingafunse ngati mizimu imabweradi m'gule. Limangofuna kudziwa ngati munthuyo amakhulupiriradi ndi mtima wake, kapena akungonamizira pofuna kuzemba lamulo. Inu mukhoza kuona chikhulupiriro cha mnzanu ngati chopanda mutu. Lamulo silinakupatseni udindo wochipatsa malikisi.

Mlandu wachiwiri ndi wa Dzvova, wa mu 2007. Mwana wa banja la Chirasta analembetsa giredi 1 pa sukulu ya boma ya Ruvheneko ku Harare. Sukuluyo inali ndi lamulo lakuti ana onse azimeta tsitsi lalifupi, ndipo mwanayo analetsedwa kuphunzira ndi anzake mpaka atameta. Bambo ake anakana, nkhani n'kufika ku Khoti la Suprimu. A unduna anati ana ayenera kumvera mwambo wa pasukulu. Khoti linayankha kuti lamulo limene mphunzitsi wamkulu walemba si lamulo la dziko. Palibe lamulo la Nyumba ya Malamulo limene linamupatsa mphamvu yochotsa mwana m'kalasi chifukwa cha tsitsi la chipembedzo chake. Mwanayo anayenera kubwerera m'kalasi ndi tsitsi lake.

Werenganinso ndime imeneyi, aphunzitsi. Pepala limene linamatidwa pa khomo la ofesi ya ahedi, ngakhale likhale ndi chidindo, ngakhale makolo a m'komiti analiwombera m'manja, lili pansi pa Malamulo Oyendetsera Dziko. Ndi chimodzimodzinso ndi chizolowezi cha m'ndende chimene msilikali amangoti “kuno timachita chonchi”.

Abale athu ku Malawi anafika pa mfundo yomweyi mochedwerapo. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi n'kosemphana ndi malamulo a dzikolo, ndipo linalamula unduna kuti udziwitse sukulu zonse. Ku South Africa nako nkhani ya tsitsi inalowa m'ndende kudzera kwa asilikali eni ake. Amuna ena ogwira ntchito pa ndende ya Pollsmoor ku Cape Town anachotsedwa ntchito mu 2007 atakana kumeta madiredi. Ena anali a Chirasta, ena ankasunga tsitsilo potsata mwambo wa Chixhosa. Mu 2013 khoti la apilo linati anachotsedwa mosayenera. Asilikali aakazi ankaloledwa tsitsi lomwelo popanda vuto, nanga chitetezo cha ndende chinkaopsezedwa bwanji ndi mutu wa mwamuna yekha? Mlanduwu ukutionetsanso kuti mwambo wa makolo ukhoza kutetezedwa mofanana ndi chipembedzo cha m'buku.

Ndevu za mkaidi wa ku Arkansas

Kuti tione mmene woweruza amayezera zifukwa za ndende, tiyeni tiwoloke nyanja pang'ono, pakuti mlandu umene uli womveka bwino kwambiri pa nkhaniyi ndi wa ku America.

Gregory Holt anali mkaidi wa Chisilamu wolamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse ku Arkansas. Ndende za kumeneko zinkaletsa ndevu, kupatula kwa akaidi odwala khungu amene ankaloledwa ndevu zazifupi kwambiri. Holt ankakhulupirira kuti sayenera kumeta konse, koma anavomera kukumana nawo pakati: anapempha ndevu za theka la inchi, ndiye kuti kupitirira pang'ono sentimita imodzi. Anamukaniza. Makhoti aang'ono anamukanizanso. Ndiye analemba dandaulo lake ku Khoti la Suprimu la dzikolo ndi dzanja lake, popanda loya.

Akuluakulu a ndende anapereka zifukwa ziwiri. Anati mkaidi akhoza kubisa lezala, singano kapena mankhwala ozunguza bongo m'ndevu. Anatinso mkaidi wandevu akathawa akhoza kumeta, osazindikirikanso. Zifukwa zimenezi si zopusa, ndipo khoti silinanene kuti chitetezo n'chachabe. Koma linazigwira chimodzichimodzi. Ngati mukuopa lezala m'ndevu zazifupi chotero, bwanji osangofufuza m'ndevumo, kapena kumuuza mkaidi kuti apese inu mukuona? Ndipo bwanji mumalola tsitsi la kumutu lalitali kuposa pamenepo, mmene mungabisike zambiri? Ngati mukuopa kuti asintha nkhope, bwanji osamujambula kawiri, ali ndi ndevu ndiponso atameta? Nanga ndende zambiri za m'dzikolo zimene zimalola ndevu zotere zikuyenda bwanji? Mu Januwale 2015 oweruza onse 9 anagamula mokomera Holt.

Khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya linayenda njira yofanana mu 2010 pa mlandu wa Jakóbski, mkaidi wa Chibuda ku Poland amene ankapempha chakudya chopanda nyama. Linaona kuti pempho lake silinkafuna kugula zinthu zapadera kapena kuphika mwa njira ina yovuta, kotero kumukaniza kunalibe chifukwa chokwanira.

Mukaika zigamulo zonsezi pamodzi muona kuti oweruza amaponda m'mapazi amodzimodzi. Amayamba ndi wodandaula: kodi amakhulupiriradi? Kenaka amaona ngati lamulolo likumupsinjadi, kutanthauza kuti likumuika pa mphambano yoti asankhe pakati pa chikhulupiriro chake ndi chilango. Zikatero amatembenukira kwa wolamula. Mphamvu imeneyi mwaitenga m'lamulo liti? Mukuteteza chiyani? Ndipo funso lomaliza, limene limagwetsa ambiri: kodi palibe njira ina yotetezera chinthu chomwecho popanda kumupondereza munthuyu? Mawu akuti “chitetezo” kapena “mwambo” paokha si yankho. Ayenera kubwera ndi umboni.

Si onse amene amapambana

Ndingakunamizeni nditakusiyani ndi chithunzi chakuti aliyense wotchula Mulungu m'khoti amatuluka akumwetulira.

Ku America komweko, mu 1987, akaidi a Chisilamu a ku New Jersey amene ankagwira ntchito kunja kwa mpanda anapempha kuti azibwerera masana a Lachisanu kukapemphera Juma. Analuza, oweruza 5 kwa 4. Khoti linati bola lamulo la ndende likhale ndi chifukwa chomveka, oweruza asalowerere. Chinasintha n'chiyani pakati pa 1987 ndi 2015? Mu 2000 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lokhwimitsa muyeso, lokakamiza ndende kusonyeza kuti palibe njira ina yopepukirapo. Mkaidi ndi yemweyo, pemphero ndi lomwelo, koma muyeso ukasintha chigamulo chimasinthanso.

Kuno kwathu, mu 2016, makolo a Mboni za Yehova analuza mlandu wawo ndi sukulu ya Arundel ku Harare. Ankakana kuti ana awo azikakamizidwa kulowa m'chapelo. Khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linaona kuti sukuluyo si ya boma, ili ndi maziko ake a Chikhristu, ndipo makolowo anasayina okha pangano polembetsa ana. Anthu ena odziwa malamulo sanakhutire ndi chigamulochi, ndipo inenso ndimadzifunsa kuti chingatanthauze chiyani kudera kumene sukulu ya mishoni ndiyo yokhayo imene mwana angafikeko wapansi. Koma ndi mmene linagamulira.

Nkhani ya mbendera ikuonetsa bwino mmene nthawi imasinthira maganizo a makhoti. Mu 1967 ku Zambia, mtsikana wa Mboni wa ku Mufulira anachotsedwa sukulu atakana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira ulemu mbendera. Pa mlandu umenewu, wodziwika ndi dzina la Kachasu, khoti linavomereza kuti ufulu wake wakhudzidwa, koma linati lamulolo ndi loyenera pofuna kumanga umodzi wa dziko. Chaka chomwecho boma la Malawi linaletsa Mboni za Yehova, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka 1993. Koma ku Zimbabwe, lumbiro la ana a sukulu limene linayamba mu 2016 litatsutsidwa ndi kholo lina la mpingo wa Apostolic Faith Mission, a Mathew Sogolani, khoti linagamula mu 2020 kuti kukakamiza ana onse kulinena mmene linalembedwera kukuphwanya ufulu wa chikumbumtima. Ambiri a inu munaimitsapo ana pa asembule kuti alinene. Inenso ndikanakhala pa sukulu masiku amenewo ndikanawaimitsa, chifukwa sekyula inali itabwera.

Kupambana pa pepala

Pali chinthu china chowawa. Chigamulo ndi mawu, ndipo mawu sadziyendetsa okha.

Mu 2009 oweruza a Khoti Lalikulu ku Malawi anagamula mlandu wa mkaidi Gable Masangano, amene anadandaula m'malo mwa akaidi onse za kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya. Boma linati lilibe ndalama. Khoti linati kusowa ndalama si chifukwa chophwanyira ufulu wa munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Miyezi ija inatha, zaka zinadutsa, ndende za ku Malawi zinapitirira kusunga anthu ochuluka kuposa malo ake. Kodi ndiye kuti a Masangano anataya nthawi? Ine ndikuti ayi. Paja amati mlandu suwola. Chigamulocho chakhala chikutchulidwa ndi maloya ndi mabungwe nthawi zonse pamene nkhani ya ndende yabuka. Koma chigamulo chimene anthu sachidziwa chili ngati khasu losiyidwa m'nkhokwe.

Apa ndi pamene inu mumalowera. Gawo 7 la Malamulo a 2013 limalamula boma kuti limasulire Malamulowo m'zinenero zonse zovomerezeka ndi kuti aziphunzitsidwa m'sukulu. Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero 16 zimene gawo 6 limatchula. Koma zigamulo za makhoti zimalembedwa m'Chingerezi chovuta, ndipo kumidzi ndi m'makomboni munthu amene amafunsidwa kuti “tatiwerengereni pepala ili” ndi mphunzitsi. Mukapatsidwa chigamulo musayambire pa tsamba loyamba. Pitani kumapeto muone chimene khoti lalamula. Kenaka bwererani mupeze zimene zinachitika, funso limene khoti linafunsidwa, ndi zifukwa zake. Ndi njira yomwe timagwiritsa ntchito ndi akuluakulu powerenga kalata ya ku ofesi: choyamba tidziwe kuti akufuna tichite chiyani.

Tibwerere ku kalata ija

Mayi aja atabweranso lero ndingawayankhe bwanji? Sindine loya, koma ndingayende nawo m'mafunso aja. Mwana wawo amasaladi Ramazani? Shehe wa pamzikiti akhoza kuchitira umboni. Kumulanda chakudya kukumupsinja? Inde, akusankha pakati pa njala ndi kuswa kusala. A ndende akuteteza chiyani? Ali nazo zifukwa zenizeni: chakudya chosungidwa m'selo chimaitana makoswe, chimawonongeka, ena amachita nacho malonda, ndipo akaidi akatsekeredwa madzulo asilikali amakhala ochepa. Nanga njira ina ilipo? M'maganizo mwanga ilipo. Mbale za osala zikhoza kuperekedwa pa nthawi yotseka, kapena osalawo akhoza kuikidwa m'selo imodzi mwezi umenewo. Zimenezi sizifuna ndalama.

Ndipo sitingayambire ku khoti. Tingayambe ndi kalata yaulemu kwa mkulu wa ndendeyo, yotchula gawo 50 ndi gawo 60, ndi kusunga kope lake. Nkhani zambiri zotere zimatha ndi kalata imodzi yolembedwa bwino. Zikakanika pali Zimbabwe Human Rights Commission, imene gawo 243 linaipatsa mphamvu yoyendera ndende ndi kufufuza madandaulo. Pali Legal Aid Directorate yothandiza anthu osowa ndalama ya loya. Gawo 85 limalola munthu kupita ku khoti m'malo mwa mnzake amene sangathe kudziimira yekha. Ndipo kuyambira 2021 Khoti Lalikulu limakhalanso ku Chinhoyi, kotero ulendo wa ku Harare si wokakamiza monga kale.

Sukulu si ndende, Mulungu atithandize. Koma zimafanana pa zinthu zingapo: pali geti, pali yunifolomu, pali belu, ndipo pali munthu wamkulu amene mawu ake satsutsidwa. M'kalasi mwanu muli mtsikana wa Chisilamu wovala mpango kumutu, mwana wa Sabata amene sabwera ku maphunziro a Loweruka, mwana wa Mboni amene amaima chete nyimbo ya fuko ikamaimbidwa, mnyamata amene wasowa masabata angapo chifukwa ali ku dambwe kapena ku jando. Si onsewa amene ali ndi mlandu wofanana. Gawo 60 lomwelo limapatsa makolo ufulu wolera ana m'chikhulupiriro chawo, koma limati asawononge ufulu wa mwanayo wa maphunziro, wa thanzi ndi wa chitetezo. Choncho mpango wa kumutu suvulaza munthu, ndipo sindikuona chifukwa chouvulira. Koma mwana wodwala malungo amene akukanizidwa chipatala, kapena mtsikana wa giredi 7 amene akukwatiwitsidwa m'dzina la mpingo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo pamenepo lamulo lili kumbali ya mwana. Za chinamwali, ine ndaona kuti kukhala pansi ndi akuluakulu a mwambo n'kugwirizana kuti chizichitika pa holide kumathandiza kuposa kukwapula mwana atabwerako.

Ntchito 9.1

Tengani malamulo a pasukulu panu. Sankhani lamulo limodzi limene linayambitsapo mkangano ndi kholo kapena mwana pa nkhani ya chipembedzo kapena mwambo. Musatchule maina. Lembani tsamba limodzi poyankha mafunso awa: lamuloli likuteteza chiyani, mphamvu yolikhazikitsa inachokera kuti, ndipo ndi njira ina iti imene ikanateteza chinthu chomwecho?

Ntchito 9.2

Yerekezani kuti mayi a m'nkhani yathu abwera kwa inu. Alembereni kalata yopita kwa mkulu wa ndende, yosapitirira mawu 150, m'Chichewa chimene iwo angathe kuwerenga okha asanasayine. Kenaka imasulireni m'Chingerezi. Tumizani makalata onse awiri kwa mlangizi wanu pamodzi ndi Ntchito 9.1.